Rimu yokana siivuta, yoopsa ndi yolowa mokakamiza

Mitu iwiri ya mabawuti

Loweruka lina m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri mpaka m'minda ya tiyi, pa galaja ina pa Chitakale panafika Mercedes C200 ya m'ma 2003, ikuyenda ngati yanyamula mazira. Mwini wake anatsika, n'kupisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa mitu iwiri ya mabawuti. Anati atangodutsa pa Luchenza chiwongolero chinayamba kunjenjemera, kenako kutsogolo kumanzere kunamveka phokoso ngati munthu akugogoda chitseko. Ataima pa Chonde n'kuchotsa kachivindikiro ka pakati pa rimu, mitu iwiriyo inagwera m'manja mwake. Tayala linali litatsala ndi mabawuti atatu.

Marimuwo anali atsopano, a mainchesi 17, owala moti munthu n'kudziyang'anirapo. Anawagula ku Limbe masabata atatu m'mbuyomo.

"Amisiri, mabawuti a masiku ano ndi achabechabe. Ndipezereni olimba."

Mmisiriyo, bambo wa imvi za apo ndi apo, sanayankhe. Anauza mnyamata wake kuti akweze jeke, iye n'kuyamba kumasula atatu otsalawo. Bawuti yabwino ukaimasula kamodzi imatuluka ndi zala. Izi ayi, iliyonse inafuna sipanala mpaka kumapeto. Anatenga imodzi n'kuigubuduza pa chitsulo chosalala, ndipo inkayenda motsimphina. Kenako anatembenuza rimu chafufumimba, n'kupukuta fumbi la buleki ndi chala chachikulu. Panali palembedwa 5x114.3.

"Bwana, mabawuti alibe mlandu. Rimuyi si ya galimoto ino. Yanu ndi 5x112."

"Koma inalowa! Mabowo asanu, mabawuti asanu. Ndinalipo akumanga."

"Kulowa inalowadi. Vuto lake ndi lomwelo."

Anamuitana kuti asuzumire m'mabowo. Pomwe mutu wa bawuti umakhala payenera kuoneka mzere wonyezimira wozungulira bowo lonse. M'mabowo anayi munali kachidutswa chabe, kokhota ngati mwezi ukangooneka kumene, mbali imodzi yokha. Mwini galimoto anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati matayala enawo alinso choncho. Anali choncho onse.

Kamwezi ka m'bowo kaja n'komwe ndimakumbuka munthu akafunsa ngati marimu akutiakuti angalowe pa galimoto yake. Funso lakuti "alowa?" ndi lolakwika. Rimu ya Hilux pa Navara sipha munthu, chifukwa siilowa n'komwe. Mumangoluza ndalama ya thiransipoti pokabweza. Yomwe imathothola tayala potsetsereka pa Thyolo ndi ija yosiyana ndi milimita imodzi.

Chomwe chinathyola mabawuti

Manambala aja, 5x114.3 ndi 5x112, amatchedwa PCD, ndipo ndi awiriawiri. Yoyamba ndi kuchuluka kwa mabowo, yachiwiri ndi kukula kwa mzere wozungulira womwe umadutsa pakati penipeni pa mabowo onse, kuyeza modutsa pakati pa rimu kuchokera mbali ina kufika inzake, m'mamilimita. Pakati pa 112 ndi 114.3 pali 2.3, kutanthauza kuti bowo lililonse laphonya malo ake ndi 1.15. Ndi maso simungaone.

Ndiye pomanga pamachitika izi. Bawuti yoyamba imakhala bwinobwino pakati pa bowo lake, ndipo potero imakokera rimu yonse kumbali kwake. Zinayi zotsalazo zimapeza mabowo atasuntha, ndiye wa sipanala akakanikiza, zimapindika kuti zifike. Amamva kulimba n'kuganiza kuti zagwira, pomwe akungopinda chitsulo.

Ntchito ya bawuti si kusenza galimoto ngati msomali wokolekapo jekete. Ntchito yake ndi kufinya rimu mwamphamvu pa habu, chitsulo chozungulira chomwe tayala limamangidwapo, kuti kugwirana kwa zitsulo ziwirizo kusenze katundu. Bawuti yogwira mbali imodzi siifinya mokwanira. Rimu imayamba kusewera pang'onopang'ono, bawuti n'kumapindikira uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse. Tayala la galimoto yaing'ono limazungulira pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi. Ulendo wa makilomita 60 ndiye kuti ka 30,000. Aliyense amene anadulapo waya pompinda mobwerezabwereza akudziwa mathero ake.

Pa Benz ija panalinso zolakwika zina ziwiri zomwe zinathandizira. Mabawuti ake ali ndi khosi lobulungira, pomwe mabowo a marimu atsopanowo anali osongoka ngati fanulo. Ndipo bowo lapakati la rimu linali 73.1 pa habu ya 66.6, popanda chodzaza mpatawo. Chikomekome cha mkuyu.

Kuyeza

Choyamba, tembenuzani rimu yomwe inabwera ndi galimoto. Kuseri kwake nthawi zambiri kumakhala kukula ndi offset (tiifotokoza kutsogoloku), mwachitsanzo 16x7J ET37, koma PCD salemba pa marimu onse, makamaka a kufakitale. Zikatero muyeze nokha, ndipo muyeze ndi vernier, kachipangizo ka amisiri koyeza mpaka tizidutswa ta milimita. Tepi ya telala isiyeni kunyumba.

Pa mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi n'zosavuta, chifukwa bowo lililonse lili ndi linzake loyang'anana nalo. Yezani kuchokera pakati pa limodzi kufika pakati pa linzakelo, imeneyo ndiye PCD. Popeza pakati pa bowo palibe pogwira, chitani chonchi: pa masitadi, timabawuti totuluka pa habu tomangirapo manati, yezani kunja ndi kunja kwa awiriwo, n'kuchotsapo kunenepa kwa sitadi imodzi. Pa mabowo, yezani m'mphepete moyandikana, n'kuonjezerapo kukula kwa bowo limodzi.

Mabowo asanu ndi omwe amasokoneza anthu, chifukwa palibe awiri oyang'anana. Ambiri amadumpha bowo limodzi n'kuyeza lachitatu, koma nambala yake imachepa. Njira yodalirika ndi kuyeza mabowo awiri oyandikana, pakati ndi pakati, n'kuchulukitsa ndi 1.701. Mukapeza 58.8, ndiye 5x100. Mukapeza 63.5 ndi 5x108, 64.7 ndi 5x110, 65.8 ndi 5x112, 67.2 ndi 5x114.3, 70.5 ndi 5x120, 82.1 ndi 5x139.7, 88.2 ndi 5x150, ndipo 97.0 ndi 5x165.1.

Taonani kuyandikana kwa 64.7, 65.8 ndi 67.2. Ndipo 5x115 ya Chevrolet Captiva yakale imapereka 67.6, kusiyana ndi 5x114.3 ndi 0.4 yokha. Ndi chifukwa chake muyenera kuyeza malo atatu osiyana n'kuona ngati akugwirizana, mutachotsa kaye dzimbiri ndi matope ndi bulashi ya waya.

Pali njira ya katoni, yokanikiza chikatoni pa masitadi kuti chidindike n'kupita nacho kumsika. Imathandiza kusiyanitsa 4x100 ndi 4x114.3. Koma 4x98 ndi 4x100 pa katoni ndi mapasa.

Galimoto zamasiye

Msika wathu wa marimu umatsatira galimoto za ku Japan. Pa mashelefu a ku Limbe ndi ku Ndirande mupeza 4x100 ya Vitz, Passo, Probox, Axio, Fit, Demio ndi March. Mupeza 5x100 ya Premio, Allion ndi Prius, 5x114.3 ya Noah, Voxy, RAV4, Mark X, X-Trail ndi CR-V, komanso 6x139.7 ya Hilux, Prado, Ranger, Isuzu ndi Hiace. Ngati yanu ili m'magulu anayiwa, mwayi ndi wanu, ngakhale musathamange: Sienta yakale ndi 4x100, koma yomwe inayamba mu 2015 ndi 5x100. Tiida yoyamba ili ndi mabowo anayi ngati Note, koma ndi 4x114.3.

Kunja kwa magulu amenewa ndiye kuli masiye.

Wamkulu wa onse ndi Navara, ya mtundu wa D40 ndi wa D23. Ili ndi mabowo asanu ndi limodzi ngati mapikapu ambiri, koma ndi 6x114.3, osati 6x139.7. Wogulitsa akangowerenga mabowo amati "iyi ndi ya pikapu, ilowa". Chosokoneza china ndi dzina: Hardbody, yomwe ku South Africa inkagulitsidwa ndi dzina la NP300, ndi 6x139.7, pomwe Navara ya D23 kumaiko ena imatchedwanso NP300 koma ndi 6x114.3. Achibale ake ndi ochepa: Pathfinder ya R51, Mercedes X-Class ndi Renault Alaskan.

Land Cruiser nayo imasintha. Ya 80 ndi 6x139.7, koma ya 100, ya 200 ndi ma 79 a zaka zaposachedwa ndi 5x150. Ndipo ngakhale mkati mwa banja la 5x150 offset imasiyana kwambiri, moti rimu ya 100 siikhala bwino pa 79. Ma Land Rover akale omwe timawaonabe m'misewu ya m'maesiteti, Defender ndi Discovery yoyamba, ndi 5x165.1. Discovery 2 inasamukira ku 5x120, yofanana ndi ma BMW ambiri akale ndi Amarok yoyamba. Jimny, Samurai ndi Escudo yakale ndi 5x139.7.

Kenako pali zobwera ndi abale ochokera ku Joni. Ford Bantam, Ikon ndi Fiesta ndi 4x108, monganso ma Peugeot ambiri a mabowo anayi. Fiat Uno, Palio ndi Strada ndi 4x98, ndipo izi ndi zomwe zimamangidwa marimu a Corolla kawirikawiri, popeza bowo lililonse limangophonya ndi milimita imodzi. Opel Astra ndi Zafira za mabowo asanu za m'ma 2000 ndi 5x110. Volvo ndi Focus yachiwiri ndi 5x108. Mercedes, Audi zambiri, ndi Golf kuyambira yachisanu ndi 5x112, pomwe Golf 4 ndi Polo ya mabowo asanu ndi 5x100.

Manambala okhala ndi kadontho asakudabwitseni. Anachokera ku mainchesi: 114.3 ndi anayi ndi theka, 139.7 ndi asanu ndi theka, 165.1 ndi asanu ndi limodzi ndi theka. Wogulitsa wa kunja akalemba 5x4.5 akunena 5x114.3 yomweyo.

PCD ikagwirizana, ntchito siinathe

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapumira, pomwe pali zina zinayi.

Bowo lapakati. Habu ili ndi kamlomo kotuluka komwe rimu imakhalapo kuti ikhale pakati. Toyota zazing'ono ndi 54.1, zazikulu 60.1, Honda ya mabowo asanu 64.1, Nissan zambiri 66.1, Subaru 56.1, VW 57.1, Fiat 58.1, Ford ya 4x108 ndi 63.4, Peugeot 65.1, Mercedes 66.6. Rimu ya bowo laling'ono siifika pa habu, imatsamira pa kamlomo. Ndiye rimu ya Noah siikhala pa X-Trail ngakhale zonse zili 5x114.3, ndipo ya Bantam siikhala pa Peugeot, koma ya Peugeot imadutsa pa habu ya Bantam. Pa mapikapu nkhani ndi yomweyo: rimu ya Ranger, 93.1, siilowa pa Hilux ya 106.1. Opanga marimu ogulitsa padera amaboola bowo lalikulu dala, kawirikawiri 73.1 kapena 67.1, kuti alowe pa galimoto zambiri. Mpatawo umadzazidwa ndi kamphete, ija amati hub ring, kolembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 73.1 ndi 66.6. Popanda kamphete rimu imatha kukhala mopendekera ndi kachidutswa ka milimita, chiwongolero n'kumanjenjemera mukafika pa 80 kapena 100, ndipo a balansi mudzawapatsa ndalama kangapo osaona kusintha. Timphete ta pulasitiki timakwanira pa galimoto yaing'ono. Ta aluminiyamu timapirira kutentha kwa buleki potsika mapiri, koma timamatirira ku habu ndi dzimbiri, choncho pakani girisi pang'ono pa kamlomo pokha.

Offset, yomwe imalembedwa ET. Ndi mtunda wochokera pakati pa m'lifupi mwa rimu kufika pa nkhope yogunda habu. Nambala ikakula tayala limalowa m'kati, ikachepa limatuluka panja. Tiyerekeze mukuchoka pa 15x6J ET45 kupita pa 16x7J ET35. Rimu yakula ndi inchi imodzi, 25.4, ndiye mbali iliyonse yaonjezera 12.7. Offset yatsika ndi 10. Kunja mwatuluka ndi 22.7, m'kati mwayandikira shoko ndi 2.7. Tengani rula muone ngati madigadi ali ndi malo a 23 mm galimoto itanyamula anthu asanu ndi thumba la ufa. Kusuntha ndi 5 kapena 7 sikuvuta kawirikawiri. Kupitirira apo tayala limayamba kukhula, mabeyaring'i amatha msanga, ndipo chiwongolero chimakubwezerani bampu iliyonse m'manja. Jimny ndi chitsanzo chabwino: ya injini yaing'ono ya ku Japan ili ndi ET22 pa mainchesi 16, ya 1.3 yokhala ndi madigadi otambalala ili ndi ET5 pa 15.

Khosi la nati. Pali mitundu itatu: losongoka la madigiri 60, lobulungira, ndi lafulati lokhala ndi washala. Marimu a aluminiyamu a Toyota a kufakitale amafuna lafulati. Honda, VW, Audi ndi Mercedes amagwiritsa lobulungira. Pafupifupi marimu onse ogula padera amafuna losongoka. Nati imatsatira rimu, osati galimoto. Mukasintha marimu, gulaninso manati, ndipo akalewo muwasunge m'buti chifukwa sipeya yanu ikuwafunabe.

Koma mazinga amatsatira galimoto. Toyota, Honda, Mazda ndi Mitsubishi zambiri ndi M12x1.5 (12 ndi kunenepa kwa sitadi, 1.5 ndi mpata wa pakati pa mazinga). Nissan, Subaru ndi Suzuki ndi M12x1.25. Nati ya Toyota pa sitadi ya Nissan imayenda kamodzi kapena kawiri n'kuuma, ndipo mnyamata wamphamvu akaikapo paipi, sitadi yatha. Nati iyenera kuluma mazinga otalika ngati kunenepa kwa sitadi: pa 12 mm ndi 1.5, ndiye kuzungulira kasanu n'katatu. Werengani pomanga. Rimu ya aluminiyamu ndi yokhuthala kuposa yachitsulo, ndiye imadya utali. Pa galimoto za mabawuti samalani mbali zonse ziwiri: yaifupi siigwira, yaitali imakagunda zitsulo za handibuleki kumbuyo. Ma Benz ambiri amabwera ndi mabawuti aafupi apadera a sipeya yachitsulo pa chifukwa chomwechi.

Chomaliza ndi kulemera. Kuseri kwa rimu yabwino kumalembedwa katundu yemwe ingasenze, monga 690 KG. Onani pa chitsulo cha pakhomo la galimoto kulemera kololedwa pa ekiselo yakumbuyo, gawani pawiri, ndipo rimu ipose pamenepo. Pikapu yotsika ndi nanazi kapena nthochi, kapena yokwera ndi matumba a feteleza ku Thekerani, si ya marimu a BMW ngakhale mabowo atagwirizana. Marimu a ku Japan amakhala ndi chidindo cha JWL, a galimoto za katundu JWL-T, ena ndi VIA. Chidindo chimakopedwa, ndiye musachikhulupirire chokha. Rimu yopepuka modabwitsa, yopanda dzina la wopanga kapena nambala ya katundu, isiyeni.

Kokasaka

Maganizo anga ndi akuti kwa galimoto yamasiye, rimu yabwino koposa ndi ya kufakitale ya galimoto yomweyo kapena ya m'bale wake. Mwini Navara ayambe wafunsa kwa ophwasula galimoto zangozi ngati ali ndi Navara kapena Pathfinder. Zonse zimagwirizana nthawi imodzi: mabowo, bowo lapakati, khosi, kulemera. Ngati mukufuna kukongola, ya 17 ya mtundu wapamwamba wa galimoto yomweyo imasintha maonekedwe popanda chiopsezo. Pa D40, tayala la 255/70R16 ndi la 255/65R17 ndi otalika mofanana, pafupifupi 763 mm, choncho sipidomita siinama.

Rimu yakale muione bwino. Itsukeni, muyang'ane ming'alu kuseri kwa masipoko ndi m'mphepete mwa m'kati, komwe maenje amamenya. Ikani pa makina a balansi izungulire yopanda tayala, muone ngati ikuvina. Yomwe inawotchereredwapo imaoneka ndi kachilonda kotupa kapena penti watsopano malo amodzi. Mabowo akhale obulungira, osati ngati dzira.

Njira yachiwiri ndi marimu a mabowo ambiri, asanu ndi atatu kapena khumi, okhala ndi PCD ziwiri. Ofala ndi 4x100 ndi 4x114.3, kapena 5x100 ndi 5x114.3, koma aliponso a 4x100 ndi 4x108, komanso 5x112 ndi 5x114.3 kapena 5x120. Alibe vuto ngati ali a kampani yodziwika. Chenjerani pomanga: pa 112 ndi 114.3 n'zotheka kulowetsa m'gulu la mabowo lolakwika osazindikira.

Yachitatu ndi kuitanitsa. Bantam, Strada, Opel ndi Navara zinagulitsidwa zambiri ku South Africa, choncho marimu ake ku Johannesburg ndi ku Durban savuta. A Jimny ndi Land Cruiser amapezeka kwa otumiza zida kuchokera ku Japan. Musatumize ndalama pa chithunzi cha kumaso kwa rimu. Pemphani pa WhatsApp chithunzi cha kuseri pomwe pali manambala, ndi china vernier ili pa bowo lapakati, rimu iliyonse payokha, chifukwa ma BMW ndi ma Benz ena amakhala ndi akumbuyo otambalala kuposa akutsogolo. Powerengera mtengo muikepo wonyamula ndi msonkho wa pachipata. Mukafunsira kutsidya kwa Muloza, ku Milange, rimu amati jante, PCD amati furação, koma manambala ndi omwewo.

Gulani asanu, osati anayi. Msewu wa ku Muloza kapena wa Midima ukadya rimu imodzi ya 4x100, mawa mupeza ina. Ukadya ya 5x110, galimoto ikhala pa mwala mwezi wathunthu. Pa chifukwa chomwecho musagulitse akale. Ndipo za matayala opyapyala, omwe nambala yawo yapakati ndi 40 kapena 45, ndinene mosabisa: ndi a m'tauni. Kuno mvula ikangogwa sabata imodzi phula limatseguka, ndipo chomwe chimateteza rimu ndi mnofu wa tayala. Pa galimoto yaing'ono ine sindingatsike pansi pa 55.

Adaputa, mabawuti osewera, ndi tupa

Zonse zikakanika pali njira zokakamizira, ndipo sizofanana.

Adaputa ndi chimbale chomwe chimamangidwa pa habu ndi PCD ya galimoto, chili ndi masitadi akeake a PCD ina. Chimagwira ntchito ngati chili cha aluminiyamu wolimba wosemedwa pa makina, chokhala ndendende pa kamlomo ka habu, chilinso ndi kamlomo kake ka rimu. Kukhuthala kwake sikuchepera 20 kapena 25 mm, chifukwa manati a m'kati ayenera kubisika. Apa pali zinthu ziwiri zoti muwerengere. Choyamba, chimachotsa offset: rimu ya ET45 pa adaputa ya 25 yasanduka ET20, tayala lili panja, likuponyera matope pa chitseko. Ndiye sakani rimu ya offset yaikulu. Chachiwiri, masitadi akale akatalika kuposa adaputa amagunda kuseri kwa rimu, rimu n'kukhala pa nsonga zawo m'malo mokhala pa chimbale. Rimu ikhale ndi timaenje kuseri tolandira nsongazo. Kumbukiraninso kuti tsopano tayala lililonse lili ndi manati awiriawiri, ndipo a m'kati simungawaone osachotsa tayala. Pa galimoto yoyendera n'zotheka. Pa pikapu ya katundu kapena minibasi, ayi.

Sipesa yongolowetsa, yopanda masitadi ake, siisintha PCD. Imangokankha rimu kuti isagunde kalipa, chitsulo chomwe chimafinya disiki ya buleki. Ya 5 mm imadya kuzungulira kopitirira katatu pa mazinga a 1.5, ndiye nati yomwe inkaluma kasanu n'katatu yatsala ndi kosakwana kasanu. Pafunika masitadi ataliatali.

Mabawuti osewera, aja amati wobble, ali ndi khosi lomasuka lomwe limasuntha pafupifupi milimita imodzi mbali iliyonse. Anapangidwira kusiyana kwakung'ono ngati 4x98 ndi 4x100. Amafuna bowo losongoka, ndipo kamphete ka pakati n'kokakamiza, popeza mabawutiwo sangathenso kuika rimu pakati. Akanakhalapo pa Benz ija mwina mitu sikanaduka. Komabe ikatayika imodzi muli ku Makwasa, ina muipeza kuti?

Kuboola mabowo atsopano kumatheka pa rimu yomwe kuseri kwake kuli nyama yokwanira pakati pa mabowo akale, ndipo ndi ntchito ya makina oyeza madigiri, kwa akatswiri osema zitsulo, osati ya dirilo ya pamanja. Zomwe siziyenera kuchitika n'komwe ndi zija timaziona m'misika: kukulitsa bowo ndi tupa kuti litalike, kapena kulitseka ndi wotcherera n'kuboolanso. Bowo lotalika lilibe pokhala khosi la nati. Ndipo aluminiyamu akatenthedwa amafooka pamalo pomwe pakufunika mphamvu.

Tsiku lomanga

Yesani rimu imodzi yopanda tayala kaye, kutsogolo, musanalipire. Wogulitsa wokana zimenezi mumusiye. Palani dzimbiri pa nkhope ya habu mpaka iyere. Rimu ifike yokha mpaka kugunda, popanda kuimenya. Manati onse alowe ndi zala mpaka akhudze rimu, ndipo apa ndi pomwe PCD yolakwika imadziulula: yoyamba ilowa bwino, yachitatu iyamba kukhula m'mbali mwa bowo. Zungulitsani ndi dzanja, muone kuti pakati pa masipoko ndi kalipa pali mpata wa 3 mm kapena kuposa. Tayala likalowa, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, galimoto ili pansi.

Pa mazinga musapake oyilo kapena girisi, chifukwa mumamanga mopitirira osadziwa. Mangani modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, kawiri, koyamba pang'ono, kachiwiri ndi sipanala yoyeza mphamvu. Corolla imafuna 103 Nm, Golf 120, Benz ya mtundu uja 110. Zina onani m'buku la galimoto. Kudumphira pa paipi kumatalikitsa sitadi, ndipo sitadi yotalikitsidwa siibwerera. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 muyezenso, chifukwa rimu yatsopano imakhazikika, manati n'kumasuka pang'ono. Musanachoke yesani wilo sipanala yanu pa manati atsopanowo. Marimu ambiri okongola ali ndi mabowo opapatiza moti sipanala ya m'buti siilowa, ndipo zimenezi si zodziwira usiku pa Nkando tayala litaphwa.

Benz ija inakhala pa galaja masiku asanu ndi anayi. Marimu ake akale anali atasinthanitsidwa pogula atsopanowo, ndiye panafunika kusaka ena a 16 kwa ophwasula ku Blantyre. Mabawuti onse makumi awiri anatayidwa, ngakhale omwe ankaoneka owongoka, ndipo habu yakutsogolo kumanzere inasinthidwa chifukwa mazinga a mabowo awiri anali atadyeka. Marimu a 17 aja, mmisiri atawaona kuti mabowo ake sanaphwanyike, anagulidwa ndi mphunzitsi wina wa Mark X. Anawamanga ndi timphete ta 73.1 ndi 60.1 ndi manati osongoka a M12x1.5, ndipo onse makumi awiri analowa ndi zala.